Kumene Ndinamuika Enelesi

Tsikani pa matumba a simentiwo, ana inu. Ndikunena iwe Yamikani, si mpando wa minibasi umenewo. Bwerani mukhale pakhonde pano mthunzi udakalipo. Nawe Tadala tenga buku lako la mapu lija. Dzana unandifunsa za Beira ine n'kukukalipira ngati wandiponda pachilonda. Unandipondadi, koma si mlandu wako.

Simenti imeneyo ntchito yake mukuidziwa. Bambo anu Gelesomu akuti ndi ya ziliza ziwiri. Choyamba n'cha agogo anu aakazi, aNambewe, amene tinawaika chaka chatha. Chachiwiri akuti akachimange ku Beira, pa manda a mlongo wawo Enelesi, mwana wathu woyamba, amene anamwalira ali ndi zaka ziwiri iwo asanabadwe. Akuti ulendo ukubwerawu, popita ndi fodya wa ku Kanengo, aponya matumba awiri m'thiraki. Dzulo anandifunsanso njira. "Mwati ku Manga, pansi pa mtengo wa mango?" Ine n'kumangogwedeza mutu ngati gulo.

Ku Manga kulibe manda a Enelesi, ana inu. Mtengo wa mangowo ndinaubzala ndine ndi pakamwa panga, ndipo ndauthirira zaka zoposa makumi anayi. Ndayamba kuuza inu chifukwa bambo anu munthu akamawauza nkhani amayang'ana wotchi.

Tabweretsa mapuwo. Ona, Beira wako ndi kadontho aka, kofanana ndi chitosi cha ntchentche, nyanja ndi utoto wabuluu umene wangoti phee. Amene anajambula sanaimepo kumeneko. Malo amenewo ndi chigwa chokhachokha, kopanda phiri, kopanda ngakhale chulu choti munthu n'kukwerapo kuti aone kutali. Mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja pomwepo, winanso wa Buzi umathira chapafupi, ndipo yonse iwiri imabwera ndi matope. Tauniyo anaimanga pa mchenga pakati pa matope ndi nyanja. Akuluakulu a kumeneko ankatiuza kuti poyamba kunali tinyumba ta malata tokha, ndipo mchenga unali wambiri moti azungu sankayenda pansi. Ankakhala pa tingolo toyenda pa tinjanji ting'onoting'ono, anthu akuda n'kumawakankha. Iwe Yamikani umati ukufuna ukondakitala, ukanabadwa nthawi imeneyo ukanakhala injini.

Pakati pa tauniyo pamadutsa khwawa lotchedwa Chiveve. Pamapu ako palibe, usavutike kufunafuna. Ndikuti khwawa chifukwa ndasowa dzina lina, koma si mtsinje ngati Lingadzi kapena Lilongwe. Mtsinje umachokera kumtunda kupita kunsi. Chiveve ndi nyanja yomwe imene imalowa m'tauni. Kawiri patsiku madzi amchere ankalowa, n'kudzaza mpaka m'milomo, mabwato n'kumayandama. Pakapita maola angapo madzi onse ankabwerera, n'kusiya matope akuda, mabwato aja atagona cham'mbali ngati nkhumba. M'mbali mwake munali mitengo yomera m'matope amchere, mizu yake ili pamtunda ngati miyendo ya kangaude. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinafunsa kuti kodi kumtunda kwagwa mvula. Anthu anandiseka.

Ndinapitako nthawi ya chitaganya, msonkho utatikola pakhosi kwathu ku Mvera. Anzanga ankapita kumigodi ku Joni, koma kumigodi sapita ndi mkazi, ndipo ine ndinali ndi nsanje. Agogo anu pa utsikana wawo sanali munthu woti n'kumusiya pamudzi n'kumagona tulo. Musaseke, simunawaone. Tinatsika wapansi mpaka ku Salima, Enelesi ali kumsana kwa amake, ine nditasenza mphasa ndi kasutikesi ka malata. Sitima ya masiku amenewo inali ya malasha, mipando ya matabwa, ukatulutsa mutu pawindo diso limalandira khala. Kamba wathu anali mbatata yootcha ndi mtedza. Tinadutsa Limbe, tinatsika kuchigwa kotentha, kenako tinafika pa mlatho wa Zambezi ku Sena. Mlatho umenewo ndi wautali moti agogo anu anayamba pemphero, n'kulimaliza, n'kuyambanso lina tidakali pamwamba pa madzi. Enelesi yekha ndiye ankaseka, akumenya zenera ndi kadzanja.

Ntchito ndinaipeza padoko. Masiku ano bambo anu amakatula kontena, makina n'kuinyamula, iwo ali m'thiraki kumvera wailesi, pobwera n'kumati atopa. Ife chida chathu chinali ngowe yachitsulo ndi chiguduli chapaphewa. Mabelo a fodya wa kuno, mabokosi a tiyi wa ku Mulanje, mkuwa wa kumigodi ya ku Kopa, zonse zinkadutsa pamsana pathu. Tinkaziunjika mu ukonde, makina aatali amene tinkawatcha gindasiti n'kuzikweza m'sitima zapamadzi. Chodabwitsa n'choti nazonso sitima zikuluzikulu zija zinkaopa matope. Zinkaima kunja kudikira kuti madzi adzaze, ndipo panali sitima ina imene ntchito yake inali kukumba matope panjira, chaka chonse, osamaliza. Ikakumba lero, mawa Pungwe wabwezeretsa. Apwitikizi ankatukwana mtsinjewo ngati munthu. Ifenso ankatitukwana, koma ife ankawonjezera mbalamatodya, thabwa lobowolabowola lomenyera m'manja. Akakumenya nalo kakhumi, sabata yonse chakudya ukudyetsedwa ndi mnzako.

Tinkakhala kumapeto kwa Chiveve, kumene khwawalo limathera m'zithaphwi, m'kanyumba ka bango kofoleredwa ndi makuti, masamba a kokonati. Woyandikana naye anali Msena wina dzina lake Juwawu, amene tinkagwira limodzi padoko. Chisena ndi Chichewa n'zapachibale, tinkamvana bwinobwino. Iyeyo ndiye anatiphunzitsa kudya nkhanu ndi mpunga wophika ndi kokonati. Agogo anu nkhanu anazikana mpaka kufa, ankati sangadye chinthu choyenda cham'mbali. Madzi akumwa ndiwo anali vuto. Ukakumba chitsime pang'ono chabe madzi atuluka, koma amchere, ndipo zimbudzi zinali pomwepo.

Tinafika mu Epulo. Mu Sepitembala Enelesi ndi amake anayamba kutsegula m'mimba. Mwana sanalimbe, masiku atatu okha. Anamwalira m'mawa, amake ali chigonere pamphasa, osazindikira ngakhale munthu wowapatsa madzi.

Tsono mverani bwino, chifukwa pamene ndinalakwa ndi apa. Lamulo linali lakuti maliro ukanene ku ofesi, akupatse chikalata, kenako unyamule kupita ku Manga, kunja kwa tauni, kumene nthaka ndi yokwererapo. Koma pa chiphaso changa panalembedwa ine ndekha. Mkazi ndi mwana ndinalowa nawo mozemba. Kupita ku ofesi kunali kukadzipereka ndekha ku mbalamatodya, mwinanso kutumizidwa ku chibalo, odwala n'kutsala okha.

Juwawu anati, "Usapite ku ofesi. Timukulunge, timunyamule ife tomwe mpaka ku Manga. Kuli malume anga, akatipatsa malo."

Ine ndinati, "Mwana wanga sindingamuzembetse ngati katundu wakuba. Malo ndawaona kale."

Kuseri kwa nyumba zathu, usanafike pa mitengo ya m'matope ija, panali bwalo lalikulu louma, loyera mbee, lopanda udzu ngakhale umodzi, ngati wina amasesapo m'mawa uliwonse. Ndinkadutsapo tsiku ndi tsiku. Ndinapita naye Juwawu kukamuonetsa. Iye anangoyang'ana pansi n'kupukusa mutu.

"Pano ndi pa madzi," anatero.

"Madzi ake ati? Miyezi isanu ndakhala kuno, sindinaonepo dontho pano. Madzi amathera pa mitengo apo, ndimaona ndi maso angawa."

"Ukuona kuyeraku? Ndi mchere. Mauna awa ndi a nkhanu. Udzu sukumera chifukwa nyanja imafika."

"Ino ndi Sepitembala," ndinatero ine. "Mvula ili kutali."

"Kuno madzi sabwera ndi mvula, amabwera ndi mwezi. Ndipo mwezi uno ndi wina. Kawiri pachaka nyanja imakwera kuposa masiku onse."

Ndinamuyankha mwano, ana inu. Ndinati mwezi ndi umodzi dziko lonse, womwewo umawala ku Mvera, ndipo sunabweretsepo madzi pabwalo la munthu. Kwathu dambo likauma mu Sepitembala lauma basi, ng'ombe zimayendapo mpaka Disembala. Mauna aja ine ndinkaona ngati a nkhululu. Ndinaitana anyamata awiri akwathu ku Dowa amene tinali nawo padoko, nawonso anayang'ana bwalo lija n'kuvomereza kuti malo ndi abwino, Asena amangoopa zilizonse. Anthu atatu akumtunda, mbuli zitatu, kuphunzitsa mwini dziko za nyanja yake. Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinachita kuuzidwa osafunsa n'komwe, phulalo n'kudyabe.

Tinakumba. Dzenje litafika m'chiuno, pansi panayamba kunyowa. Ndinaona, anzanga aja anaonanso, koma tinapitiriza. Ndinayala makuti, tinamuika Enelesi atakulungidwa m'kamphasa ndi nsalu ya amake, tinakwirira. Mtanda ndinakhoma ndi matabwa a bokosi la tiyi. Juwawu anaima nafe mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja.

Patapita sabata, Lamulungu masana, Juwawu anabwera pakhomo. Agogo anu anali atayamba kumwa phala, koma ine ndinkayesa akugona. Anandiitanira panja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwezi wakhwima. Lero madzi afika."

Ndinathamanga. Inu mukamva za nyanja mumaganiza mafunde aphokoso a pakanema. Sizinali choncho. Madzi ankabwera mwakachetechete, akutuluka pansi pa mitengo ija, akuyenda pabwalo pang'onopang'ono ndi tithovu ndi tizinyalala patsogolo pake. M'mauna muja munayamba kutuluka nkhanu. Ndinaima pamanda ngati ndingawaletse. Anafika m'mapazi, anafika m'mawondo. Mulu wa dothi unasungunuka ndikuona. Mtanda unapendekeka, kenako unazuka n'kuyamba kuyandama kulowera ku Chiveve. Ndinauthamangira, ndipo pamene ndinaugwira n'kutembenuka, sindinadziwenso pamene panali manda. Ponseponse panali madzi okhaokha ofika m'chiuno. Ndinayendayenda m'menemo ndikupapasa ndi mapazi, ndikuitana dzina la mwana ngati angayankhe.

Madzi anabwera choncho masiku anayi. Atasiya, bwalo lija linali losalala ngati alizira. Ndinayesa kubaya ndi ndodo apa ndi apo, osapeza kanthu. Kaya mwanayo ali pomwepo pansi, kaya nyanja inamutenga, mpaka lero sindidziwa.

Koma ndibwerere ku Lamulungu lija. Nditafika kunyumba ndinapeza agogo anu atakhala pakhomo, atatsamira chitseko, akupuma movutika. Aka kanali koyamba kuwaona ali panja.

"Buluku lanyowa bwanji, abambo a Enelesi?" anandifunsa.

"Ndaterereka pokocheza mabwato."

"Vulani ndichape."

Anachapa. Atayanika anakhalanso pansi n'kundiyang'ana. "Mwana munamuika kuti?"

Pamenepo mpata unalipo. Ndikanangoti ndalakwa, anandiuza koma sindinamve. Koma ndinaona munthu wowonda ngati bango, amene sanaone ngakhale nkhope ya mwana wake pomaliza, ndipo ndinadziuza kuti ndikumuteteza. Limenelonso linali bodza. Ndinkateteza nkhope yanga. Ndinati, "Ku Manga, pamtunda, pansi pa mtengo wa mango. Malo abwino kwambiri."

Iwo anati, "Chabwino. Mudzanditengere ndikaone."

Mwezi wotsatira ndinawakweza sitima kubwerera ku Mvera. Ndinati mphepo ya kunyanja sikuwayanja. Zoona zake n'zakuti Manga anali pafupi kwambiri.

Ine ndinatsala, ndipo ndinakhalako zaka zokwana makumi awiri, kubwera kumudzi patchuthi pokha. Bambo anu ndi azakhali anu ndi ana a tchuthi. Tauni ija ndinaiona ikukula. Anawonjezera doko, anamanga nyumba zosanja, anamanga chihotela chachikulu choyang'ana kunyanja chimene ife tinkangochionera patali. Azungu a ku Rodeshiya ankabwera ndi magalimoto kudzasamba m'nyanja n'kumapsa ngati nyama yowamba. Bwalo lija ndinasiya kudutsapo, ndinkazungulira njira yaitali. Juwawu sananditonzepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho chinkandiwawa kuposa kutukwanidwa. Kenako dziko linatembenuka, Apwitikizi anayamba kuthawa. Mabokosi awo tinakweza m'sitima ndife, mipando, mafiriji, mpaka miphika ya maluwa. Mmodzi amene ankatimenya m'manja ndinamuona akulira padoko atakumbatira galu. Sindinamumvere chisoni, ndisakunamizeni. Ntchito itachepa ndinabwera kuno, Lilongwe akumangidwa kumene, Kawale uno tchire lidakali pafupi. Ndinapeza ntchito ya mabelo omwewo ku Kanengo, n'kuitanitsa banja.

Zaka zonsezo agogo anu sanasiye kundiitana kuti abambo a Enelesi. Mwambo wake mumaudziwa, mwana woyamba akamwalira ali wamng'ono anthu amazolowera kukuitanira wotsatira. Anthu onse ankati abambo a Gelesomu. Iwo okha ayi. Pamaso pa alendo, kutchalitchi, pondipatsa madzi osamba, abambo a Enelesi. Dzinalo linkandibaya, ndipo ndinkalakalaka atalisiya. Ndipo chaka chilichonse Sepitembala akafika, mitengo ikuphuka, ankafunsa kamodzi kokha. "Chaka chino tipita ku Manga?"

Mayankho ndinali nawo ambiri. Chiphaso cha akazi n'chovuta. Ana adakali aang'ono. Kuli nkhondo ya Apwitikizi. Itatha imeneyo kunayamba ina ya eni dziko okhaokha, mlatho wa ku Sena uja anaugumula, sitima inasiya kuyenda. Anthu othawa nkhondo anadzaza ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena opanda makutu, ena opanda ana. Anthu kuno ankamva chisoni. Ine ndikuuzani chinthu chonyansa. Mumtima mwanga nkhondo imeneyo inali mpumulo. Sepitembala akafika ndinkangoloza wailesi, osavutikanso kupeka. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, kubisala kuseri kwa maliro a anthu ena.

Koma nkhondo nayonso imatopa. Kumeneko anagwirizana, kuno tinavota za matipati, aliyense n'kumayankhula zimene akufuna pa minibasi. Ufulu woyankhula unafika dziko lonse kupatula m'nyumba muno. Bambo anu anapeza ntchito ya thiraki, msewu wa ku Tete unatseguka, ndipo tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza agogo anu akukhomera mpini pa kakhasu kakang'ono.

"N'kolambulira manda," anatero. "Ndapangana naye Gelesomu. Tinyamuka Lachiwiri."

Iwe Tadala ukukumbuka, unalira kuti upite nawo. Ulendo umenewo sindinadye. Tinatulukira pa Dedza, tinawoloka Zambezi pa Tete, kutentha ngati m'ng'anjo. M'mbali mwa msewu munali mafupa a magalimoto opsa, nyumba zopanda madenga, ndipo bambo anu anatichenjeza kuti tikafuna kudzithandiza tisapatuke patali, m'tchire muli mabomba okwirira. Agogo anu anakhala pakati, kakhasu kali pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo. Ine m'mutu ndinali nditakonza kale. Ndinati tikafika ku Manga ndifunafuna manda alionse akale opanda dzina, pafupi ndi mtengo wa mango, ndiloze. Mitengo ya mango kumeneko ndi yosawerengeka, ana akufa opanda dzina nawonso. Ndinali wokonzeka kuti mkazi wanga alambule manda a mwana wa eni.

Beira ndinamupeza atakalamba kuposa ine. Misewu maenje okhaokha, nyumba zosanja zija zakuda ndi nkhungu, chihotela chija anthu othawa nkhondo atadzazamo, zovala zili pamawindo, mitengo ikumera pakhoma. Ndinafunsa za Juwawu padoko, palibe amene ankamudziwa. Bambo anu anatsala pamzere wa mathiraki kudikira kutsitsa fodya, ife awiri tinapita pokwerera magalimoto. Ndinapeza yopita ku Manga, ndinati tiyeni tikwere.

"Sitikwera," anatero agogo anu.

"Ku Manga n'kutali, simungayende wapansi."

"Nditsateni."

Anatsogola. Munthu amene anakhala m'tauni imeneyo miyezi isanu ndi umodzi yokha, zaka makumi anayi zapitazo, ankayenda osafunsa njira, akutsata mphepete mwa Chiveve. Khwawalo linali litatsekeka kukamwa, madzi osalowanso bwino, akuda bii, odzaza zinyalala, fungo lake losaneneka. Mitengo yambiri ija anthu anali atadula nkhuni. Ine ndinadziwa kumene tikupita. Kumapeto kuja kunali tinyumba tothithikana ta anthu amene anathawira m'tauni, ta malata adzimbiri ndi mapulasitiki, tina atatikweza pa milu ya dothi. Bwalo lija kunalibenso. Agogo anu anayang'ana uku ndi uku, anayenda pang'ono, n'kuima pakhomo pa kanyumba kena pamene mayi wina ankapala nsomba.

"Ndi chapompano," anatero. "Inu munaima apo. Ine ndinaima uko, kuseri kwa nyumba ya bango imene inali kumapeto."

Anapitiriza.

"Juwawu atabwera ndinamva zonse. Ndinakutsatani chokwawa ndi ndodo. Ndinakuonani mukuthamangira mtanda. Ndinakumvani mukuitana mwana. Ndiye ndinabwerera kuti mukandipeze pakhomo, mundiuze. Buluku lija ndinachapa ndine, abambo. Pokocheza mabwato pali matope akuda. Lanu linali ndi dothi loyera."

Ndinati, "Nanga bwanji simunanene zaka zonsezi?"

"Anamuika mwana ndinu. Mawuwo anali anu. Chaka chilichonse ndinkakutsegulirani chitseko, inu n'kumatseka." Anapuma pang'ono. "Za madzi sindinakuimbeni mlandu. Munali mlendo, madzi saiwala khwawa, inu simunkadziwa. Chimene ndinkafuna n'choti tilire awiri. Koma munandisiya ndilire ndekha, inunso kulira nokha, m'nyumba imodzi. Ngakhale lero lomwe lino munafuna kundikweza galimoto."

Sanakweze mawu. Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Anapempha mayi wa nsomba uja m'Chisena chothyokathyoka, mayiyo anamvetsa, anasuntha beseni lake. Agogo anu anagwada n'kulambula kamalo kakang'ono pakhomo pa eni, kuchotsa mamba a nsomba ndi mapepala. Ndinati ndithandize, anakaniza khasu. Anapemphera chamumtima. Atatha anatapa dothi lodzaza dzanja n'kulimanga pakansalu. Kakhasu kaja anamusiyira mayiyo.

Titabwerera padoko bambo anu anafunsa kuti, "Mwawaona manda?"

Agogo anu anati, "Afunse abambo ako."

Ndipo ine, ana inu, nditamva zonse zija, dothi la mwana lili m'manja mwa amake, ndinati, "Tawaona. Mtengo wakula." Bodza ukalisunga nthawi yaitali limayankha lokha usanaganize. Agogo anu anandiyang'ana kamodzi, n'kukwera m'thiraki.

Titafika kuno m'mawa mwake anandibweretsera madzi osamba monga mwa masiku onse. Anaika ndowa pansi n'kunena kuti, "Madzi awo, abambo a Gelesomu."

Inu simunazindikire, munali kuthamangira kusukulu. Ine ndinakhala pampando uwu mpaka madzi anazizira. Zaka makumi anayi ndinkafuna dzina lija alisiye. Atalisiya ndi pamene ndinadziwa kuti ndi chokhacho cha mwanayo chimene chinali chitanditsalira, ndipo anandilanda chifukwa sindinali woyenera. Anakhala zaka ziwiri zina. Ankandiphikira, ankandichapira, tinkapita kutchalitchi limodzi. Sanafunsenso za Manga, ndipo sananditchulenso abambo a Enelesi ngakhale mwangozi. Ndinkati mawa ndiwaitana ana onse ndinene pamaso pawo, mawa, mawa. Atagonekedwa kuchipatala anandipatsa kansalu kaja n'kunena kuti, "Aka ndipite nako." Ndinakaika ndekha m'bokosi, cha kumutu, azimayi osambitsa atatuluka.

Ndiye musamandione ndikukalipa pa zinthu zazing'ono n'kumati agogo ndi ovuta. Ndine wovutadi, koma amene ndimakwiya naye si inu.

Iwe Yamikani, pukuta m'maso, mwamuna wa minibasi salira pagulu. Kokera matumba awiriwo pamodzi ndi anzake, ku Beira sikupita simenti. Iwe Tadala, tseka mapuwo, ng'amba pepala pakati pa kope lako, uli ndi dzanja labwino. Tilembe mawu oti mmisiri akadinde pa chiliza. Pamwamba lemba dzina la agogo ako monga anakonzera bambo ako. Pansi pake lemba kuti, ndi mwana wawo Enelesi. Ayi, dzina langa usaikepo, lemba mwana wawo basi.

Thiraki ija ikumveka pamsewu ndi ya bambo anu. Pepalalo undipatse, ndipo inu musachoke. Mukhale pomwepa, kuti ndikayamba za mtengo wa mango mundiyang'ane.